Ngalande Imene Alamu Sanatseke

Alamu anga anthu ankawatchula a Ngalande. Dzinali linawakanirira moti ngakhale achemwali anga, akapsa mtima, ankaiwala zoti “bambo a ana” n’kumangoti, “A Ngalande inu, vulani majombowo panja!” Anakumba ngalande zaka makumi awiri ndi zitatu pa famu ina yaikulu, kutsidya kwa mtsinje umene uli kumapeto kwa tauni yathu. Kale malowo anali dambo lokhalokha. Mwini famu, bambo wamtali wosalankhulalankhula, ankafuna minda ndi msipu wa ng’ombe, ndiye madzi anayenera kuchoka. Amene anawachotsa ndi alamu, ndi fosholo, piki ndi wilibala.

Ine ndine telala. Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi koyang’ana kumsewu, ndipo kuseri kwake kuli zipinda ziwiri. Mwezi ndi mwezi alamu ankabwera ndi buluku long’ambika m’mawondo.

“Alamu, mawondo anuwa ali ndi mano kodi?” ndinkawafunsa.

“Inu sokani basi. Pakanapanda mawondo angawa bwenzi makina anu atachita dzimbiri kalekale.”

Kuwerenga sankatha, koma madzi ankawadziwa. Mvula ikakata, ankaima pakati pa munda n’kunena kuti pofika masana madzi adzakhala apa, mawa adzakhala apo, ndipo zinkachitikadi. Amene ankabwera ndi zipangizo zoyezera nthaka ankamaliza n’kufunsa iwo.

Iwo ndi achemwali ankakhala m’nyumba za antchito pafamupo, mzere wa nyumba zisanu ndi ziwiri za njerwa zofanana. Anali ndi ana awiri. Wamkulu anali wamwamuna, amene pano amayendetsa malole kutali. Wachiwiri anali wamkazi, ndipo ndine ndinamupatsa dzina loti Kabatani, chifukwa akabwera kushopu ankakhuthula chitini changa cha mabatani pansi n’kumawasanja, ofiira paokha, oyera paokha. Ukamulanda limodzi ankalira ngati wamumenya.

Kabatani anamwalira ali ndi zaka zinayi. Inali sabata ya mvula yosakata, ndipo mlatho wolumikiza famu ndi tauni unali utakokoloka. Mwana anatentha thupi Lachiwiri. Lachitatu m’mawa alamu anamubereka kumsana n’kuyenda naye mpaka kumtsinje, achemwali akutsatira ndi ambulera. Anapeza madzi ali thothotho, akunyamula mitengo yathunthu. Anayenda kumtunda, anayenda kumunsi, powolokera panalibe. Anabwerera. Lachinayi anayesanso, ndipo pobwerera ulendo wachiwiriwu achemwali anaona kuti kadzanja ka mwana kakungolendewera.

Kumanda a m’tauni kunali kosafikika. Mwini famu anangogwedeza mutu kuvomereza, ndipo mwanayo anamuika kumunsi kwa nyumba za antchito, pa ngodya ya munda, pansi pa mtengo wa bulugama. Dzenje anakumba alamu okha. Anzawo atafuna kuwalandira fosholo anakana. Palibe pepala lililonse limene linalembedwa. Ine ndinamva patapita masiku anayi, munthu akundikuwira ali tsidya lina la mtsinje.

Panapita zaka khumi ndi chimodzi. Mwini famu anamwalira, n’kusiya mkazi wake, amene antchito ankangomutchula Adona. Ana analibe. Mayiyu ng’ombe sankazikonda, ankakonda mbalame, ndipo ankanena kuti ali mtsikana padambopo pankatera mbalame zambiri zedi. Atakalamba anapereka famu yonse, yaulere, kwa bungwe lina loteteza zachilengedwe. Anasayina kuti malowo abwerere mmene analili, nkhalango ikhale nkhalango, dambo likhale dambo, ndipo wina asadzachotsemonso madzi mpaka kalekale. Anthu anaomba m’manja, anajambula zithunzi, anakhoma chikwangwani pageti. Ng’ombe zinagulitsidwa. Antchito anapatsidwa miyezi itatu kuti asamuke, kenako nyumba zisanu ndi ziwiri zija zinagwetsedwa. Alamu ndi achemwali anabwera kudzakhala m’zipinda za kuseri kwa shopu yanga.

Pa antchito onse, bungwe linasunga alamu okha. Woyang’anira malowo anali mayi wachitsikana wovala chipewa chachikulu, amene sankayenda popanda mapu m’khwapa. Alamu anamutcha Mayi a Mapu.

“Bambo, akuti ngalande zonsezi munakumba ndinu?” anawafunsa tsiku loyamba.

“Ndine, mayi.”

“Ndiye mukudziwa pamene iliyonse yayambira ndi pamene yathera?”

“Ngakhale mutandimanga kumaso.”

“Chabwino. Tikufuna muzikwirire zonse.”

Alamu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Mayi a Mapu sanaseke.

Madzulo a tsikulo alamu anakhala pa benchi ya makasitomala m’shopu mwanga, majombo ali m’mapazi. “Alamu,” anatero, “zaka zonsezi ndakhala ndikuthamangitsa madzi. Lero akuti pitani mukawapepese abwerere.”

“Nanga pamene pagona mwana paja?”

Anayang’ana kuchitseko cha kuseri, kumene achemwali ankatsuka mbale, n’kutsitsa mawu. “Pamenepo ndi potsika kuposa pena paliponse. Madzi akabwera ayambira pomwepo.”

“Ndiye auzeni mayiwo.”

“Ndiwauze chiyani? Kuti ndinakwirira munthu popanda pepala? Mlonda wa pageti wandiuza kuti umenewo ndi mlandu, amanjata.”

“Mlonda uja ndi loya kuyambira liti?”

“Ngakhale asandinjate, andichotsa ntchito. Akandichotsa, kiyi wa geti apita naye ndani? Achemwali anu azilowa bwanji? Kapena anena kuti fukulani. Inu mukuwadziwa achemwali anu, angalole kuti mwana afukulidwe?” Anaimirira. “Zisiyeni, alamu. Ndikonza ndekha.”

Sindinawafunse kuti akonza bwanji. Limenelo ndi limodzi mwa mafunso amene ndimadzitukwana nawo mpaka lero.

Zimene anachita ndinazidziwa patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Pansi pa msewu wakale wa thirakitala panali paipi ya simenti imene anaika okha ali mnyamata. Inkatulutsa madzi a pangodya paja n’kukawataya kukhwawa la kunja kwa mpanda. Pamapu panalibe. Ngalande zina zonse anazikwirira mokhulupirika, koma iyi anaisiya, n’kubisa pakamwa pake ndi miyala ndi udzu. Sabata iliyonse ankapita ndi waya wautali kukachotsa masamba ndi matope. Sanauze munthu. Kwa achemwali anangoti, “Madzi sadzafika pamenepo, ine ndilipo.”

Dambo linabwerera. Chaka choyamba kunali achule okhaokha, phokoso lake lofika mpaka kumsewu. Kenako kunamera bango ndi akakombo, kunabwera akakowa, abakha am’tchire, atsekwe. Agwape anayamba kuoneka m’mawa m’mphepete mwa nkhalango. Tsiku lina alamu anabwera kunyumba akumwetulira ngati mwana, ati aona katumbu ali ndi nsomba kukamwa. Ntchitoyo ankaikonda, zimenezo sindingabise. Ndi iwo analambula tinjira ta m’nkhalango, n’kuthira miyala ing’onoing’ono m’malo oterera. Ndi iwo anakhoma mlatho wautali wa matabwa wodutsa pamwamba pa dambo, ndi kansanja koonerapo mbalame kumapeto kwake. Loweruka kunkadzaza mabasi a ana asukulu ndi anthu okoleka magalasi oonera patali m’khosi. Paliponse panali zikwangwani zoti munthu asapatuke m’njira.

Chaka chachitatu bungwe linalamula kuti mitengo yonse ya bulugama idulidwe, ati ndi yobwera ndipo imamwa madzi ambiri. Alamu anapempha kuti umodzi wa pangodya utsale.

“Chifukwa chiyani umenewo, bambo?” anafunsa Mayi a Mapu.

“Uli ndi mthunzi wabwino.”

“Mthunzi wa ndani? Kumeneko sikupita anthu.”

Alamu anangopempha kuti audule okha, ndi nkhwangwa, kuti ugwere mbali imene iwo akufuna. Anasiya chitsa chofika m’chiuno.

Lolemba malowo ankatseka. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse alamu ankatsekulira achemwali kageti ka kumbuyo. Achemwali ankakhala pansi pafupi ndi chitsa n’kumazula udzu ndi manja. Akachoka, alamu ankabwerera kukafufuta mapazi awo ndi nthambi, n’kumwazapo masamba ouma. Nkhani imeneyi ankakangana nayo kawirikawiri, ndipo khoma la pakati pathu ndi lopyapyala.

“Musamazule kwambiri, mayi. Pakayera anthu adabwa.”

“Mwana wanga yemwe ndizikamuona mozemba ngati wakuba?”

“Ndikungoti muzisiyako pang’ono.”

“Miyala yoyera imene ndinaika ija mwaichotsanso. Mukuganiza kuti sindinaone? Atsekwe anuwo ali ndi chikwangwani cholemba dzina lawo. Mwana wanga alibe ngakhale mwala.”

Ndinkangomva alamu akukoka mpando.

Mayi a Mapu nawonso ngodyayo inkawazunguza mutu. Mapu awo ankasonyeza kuti pamenepo payenera kukhala madzi ofika m’mawondo, koma panali pouma ngati pabwalo. “Nthaka yake ndi yomwa madzi, mayi,” alamu ankawauza. Mayiwo ankawakhulupirira, chifukwa pa nkhani ya madzi alamu anali asanawanamizepo.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, mvula itangoyamba, alamu anagwa pa mlatho wa matabwa uja m’mawa, ali ndi hamala m’manja. Anawapeza ndi alendo awiri. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, kamwa linapotoka, mawu anathawa. Anagona m’chipinda cha mabedi khumi ndi awiri, pafupi ndi zenera, ndipo achemwali ankagona pansi pambali pawo. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku. Ikayamba kugunda pa malata alamu ankavutika pabedi, n’kumandikoka malaya ndi dzanja lamanzere.

“Pa... pai... pai...”

“Akuti chiyani?” ndinafunsa achemwali.

“Kaya. Chiyambire dzulo ndi zomwezi.”

“Papaya kapena? Alamu, mukufuna papaya?”

Ndinazungulira msika wonse mvula ili pamsana, n’kupeza papaya mmodzi wakupsa bwino. Ndinamusenda, kumudula, n’kuwapatsa m’mbale. Anayang’ana mbaleyo, anandiyang’ana ine, kenako anaikankhira pansi n’kuyamba kulira. Ndinali ndisanawaonepo akulira. Namwino anati odwala matendawa amatero, tisadandaule. Tinawapatsa pepala ndi cholembera, tikudziwa bwinobwino kuti salemba. Anajambula mizere iwiri yokhotakhota, ife n’kumati mwina ndi msewu, akufuna kupita kunyumba.

Lolemba loyamba la mwezi linadutsa, linanso linadutsa. Achemwali sakanawasiya okha, komanso kiyi wa kageti anali atabwezedwa ku ofesi pamodzi ndi majombo.

Mawu anayamba kubwerera patapita masabata asanu ndi anayi, atatuluka kale m’chipatala. Tsiku lina masana ndikuwameta ndevu kuseri kwa shopu anagwira dzanja langa n’kunena pang’onopang’ono, ngati akukoka liwu lililonse m’chitsime: “Paipi. Pansi... pa msewu. Mwana.” Zinatenga pafupifupi ola kuti timve nkhani yonse. Achemwali anali ataima pakhomo ndi beseni la madzi. Analiika pansi, n’kukatenga nsalu yawo.

Tinalowera pageti la alendo, ine ndi achemwali. Tinadutsa m’nkhalango, tinapatuka m’njira pa chikwangwani choletsa kupatuka, tinadutsa pamene panali nyumba za antchito. Kumunsi kwake kunalibenso munda. Kunali madzi ambee, mpaka kumpanda, ndipo bango laling’ono linali litayamba kale kutuluka. Chitsa sichinkaoneka. Achemwali analowa m’madzimo ndi zovala, mpaka m’chiuno, akupapasa ndi mapazi. Ndinawatsatira n’kuwagwira.

“Ndisiyeni, achimwene. Ali pompano. Akumva kuzizira.”

“Achemwali, tiyeni tituluke.”

“Ndati ndisiyeni!”

Anatipeza choncho Mayi a Mapu, atamva atsekwe akuuluka mwaphokoso. Tinakhala nawo mu ofesi yawo, madzi akuchucha pa simenti, ndipo ndinawafotokozera zonse kuyambira pa mlatho wokokoloka uja. Anavula chipewa.

“Akanandiuza,” anatero. “Chaka choyamba chija akanangondiuza. Tinali ndi thirakitala pano miyezi inayi. Tikanaunjika dothi kuzungulira mandawo, ntchito ya masiku awiri. Palibe akanawamanga. Ndani amamanga bambo chifukwa choika mwana wake?”

Achemwali anafunsa kuti, “Masiku awiri?”

“Awiri, mayi. Mwina atatu.”

Mayi a Mapu anayesetsa, ndisawanamizire. Anatumiza anthu kukafufuza paipi ija. Anaipeza patapita sabata, itaphwanyika pakati chifukwa cha kulemera kwa matope, msewu wakale utatitimira pamwamba pake. Kuti madzi achoke panafunika kukumba ngalande yatsopano. Analembera akuluakulu a bungwe. Akuluakuluwo anati tidikire atsekwe aswe. Ataswa, anati tidikire chilimwe, mwina madzi aphwa okha. Chilimwe chinafika, dambo linaphwa m’mbali zina, koma pangodyapo ayi, poti m’pamene madzi onse amathera. Kenako kunabwera kalata. Inati akumva chisoni kwambiri, koma Adona, amene anali atamwalira chaka chapitacho, anasayina kuti madzi asadzachotsedwenso, ndipo bungwe likaphwanya mawuwo likhoza kulandidwa malo onse. Inatinso ngati banja lingaloze malo enieni, akhoza kutchinga kadera kakang’ono, kupopa madzi, n’kufukula mafupa kuti akaikidwe kumanda a m’tauni.

Achemwali, amene kale sakanalola zofukula, anati, “Afukuleni. Bola achoke m’madzimo.”

Ndiye tinabwereka njinga ya olumala n’kuwatengera alamu kumeneko, Lolemba, kulibe alendo. Ndinawakankha pa mlatho wa matabwa umene anakhoma okha, matayala akugunda thabwa lililonse, mpaka pakansanja. Kuchokera pamenepo ngodya ija imaoneka yonse. Anyamata awiri a bungwe anali m’madzi ndi ndodo zazitali, kudikira kuti awalozere. Bango linali litatalika kupitirira munthu. Chitsa anali atachifufuza masiku atatu osachipeza. Kaya chinazuka nthaka itafewa, kaya chinamira m’matope, palibe akudziwa.

“Bambo, lozani,” anatero Mayi a Mapu mofatsa.

Alamu anakweza dzanja lamanzere n’kuloza. Anyamata anayenda kupita kumeneko. Asanafike, alamu anapukusa mutu n’kuloza kwina, chakumanja. Anyamata anatembenuka. Alamu anayang’ana kumpanda, anayang’ana kumene kunali nyumba, koma kumeneko kunali mitengo yatsopano yokhayokha. Analoza kachitatu, kenako anabweza dzanja pamwendo.

“Sindi... kudziwa,” anatero.

Achemwali anawerama mpaka nkhope yawo inayandikira ya alamu. Sanakuwe. “Munati madzi sadzafika, inu mulipo. Munachotsa miyala yanga. Munadula mtengo. Mapazi anga munkafufuta. Mwabisa mwana wanga mpaka mwamubisa kwa inu nomwe.”

Anyamata aja anazika ndodo m’matope mpaka dzuwa kupendeka, ndi tsiku lotsatira lonse. Sanapeze kanthu. Bungwe linapempha kuika benchi pakansanjapo, yolembedwa dzina la mwana. Achemwali anati sakufuna kuti anthu azikhalira dzina la mwana wawo akudya mabisiketi. Benchi sinaikidwe.

Kuchokera tsiku limenelo achemwali sanalankhulenso ndi alamu. Ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwachapira, zonse mosaphonya, koma mawu ankadzera kwa ine. “Afunseni alamu anu ngati akufuna tiyi.” “Auzeni alamu anu akweze dzanja ndiwaveke.” Alamu ali pomwepo, pampando. Ndinayesa kuwakhazika pansi. Ndinati munthuyu zaka zisanu ndi ziwiri ankagwada m’matope sabata iliyonse chifukwa cha mwana yemweyo. Achemwali anati akudziwa, ndipo akanakonda akanakhala kuti sakudziwa, bwenzi kudana nawo kuli kosavuta.

Anapirira chaka chimodzi. Nyengo yozizira itafika, mwana wawo wamalole uja anabwera, ndipo achemwali analongedza chikwama chimodzi n’kunena kuti akupita kukaona zidzukulu kwa mwezi umodzi. Pano zaka ziwiri zakwana.

Alamu ndimawasamala ndine. M’mawa ndimawasambitsa, kuwaveka, n’kuwakhazika pakhomo la shopu kuti aziona anthu odutsa. Amalankhula pang’ono, ndipo nthabwala anasiya. Mayi a Mapu anabwera kamodzi ndi kalata yothokoza ntchito yawo, ndi khadi loti azilowa kumalo kuja ulere moyo wawo wonse. Anati chaka chino kwabwera mitundu ya mbalame imene sinaonekepo m’dera lino kwa zaka makumi asanu, ndipo yambiri ikumanga zisa pangodya paja. Atangonena anazindikira, n’kugwira pakamwa. Alamu anagwedeza mutu n’kuti, “Zikomo, mayi.” Sanapiteko.

Achemwali amaimba foni Lamlungu masana. Amafunsa za msana wanga, za makasitomala, ngati denga lasiya kudontha. Ndimayankha mokweza dala, alamu ali pakhomo, atapendeketsa mutu. Kenako ndimadikira kuti mwina achemwali afunsa za amuna awo. Ndimamva akupuma. Akatero amati, “Basi achimwene, mayunitsi akutha,” n’kudula.